Funsani Azakhali: maamoul akuuma, tende akutuluka, uvuni palibe

Moni nonse owerenga tsamba lathu la zophikaphika. Ulendo uno mafunso ambiri agwera pa tende, zipatso zotsekemera zija pa Chingerezi amati dates, makamaka maamoul, timabisiketi tija ta semolina toika tende mkati tomwe amapanga ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan, nde ndangoti ndiwayankhire pamodzi. Makalata ena ndawadulako kuti malo akwane, musandikwiyire.

FUNSO: Azakhali ndithandizeni chonde. Ndinalawa maamoul kwa mnzanga wina wa kuntchito yemwe makolo ake ndi a ku Lebanon, anali ofewa kungoika mkamwa basi asungunuka, nde ine ndinapeza semolina ndi tende n'kupanga anga tsiku lomwelo koma anatuluka ouma gwa, potafuna kumamveka ngati mchenga m'mano. Chonsecho ndinakanda bwinobwino nthawi yaitali ndithu mmene timachitira ndi buledi. Ndinaphonya pati? Ndine mtsikana wokonda kuphika.

YANKHO: Mwananga, vuto lanu mwalitchula nokha m'kalata yanuyi, mwati tsiku lomwelo komanso mwati munakanda. Maamoul a semolina sapangidwa tsiku limodzi ndipo sakandidwa, ziwirizi mukazigwira ndiye kuti theka la ntchito latha.

Tiyambe ndi semolina. Ameneyutu si fulawa wamba ayi, ndi tirigu wa mtundu wolimba wotchedwa durum amene pogaya samusalalitsa, nde mukamutsina pakati pa zala mumamva timisere. Timisere timeneti timachedwa kumwa, mukathira batala pano n'kuphika pompano batalayo amangotikuta kunja koma mkati muli gwa, ndiye zija mukumva m'manozo ndi zimenezo. N'chifukwa chake azimayi a ku Lebanon ndi Syria amasakaniza semolina ndi batala madzulo, kuvindikira, n'kukagona, zotsalazo amachita mawa lake.

Miyeso yake nayi. Semolina magalamu 500, ndipo ngati mungapeze mitundu yonse iwiri, wokhakhala ndi wosalala, phatikizani koma wokhakhala achulukeko, tinene 350 wokhakhala ndi 150 wosalala. Batala magalamu 250, kapena batala woyenga uja amati ghee, kwawoko amamutcha samneh, koma ameneyo muchepetseko pang'ono chifukwa alibe madzi, ndi mafuta okhaokha. Shuga masupuni aakulu atatu basi, ndi kamchere kongotsina. Sungunulani batala pamoto wochepa asawire, musiyeni azizireko mpaka muthe kuviika chala osapsa, thirani mu semolina muja n'kuyamba kufikisa pakati pa zikhatho, kufikisa ndithu mosathamanga mpaka pasaoneke pena poyera pouma, zonse zisanduke zachikasu zonyowa. Vindikirani n'kusiya pamalo pabwino posatentha usiku onse, maola 8 kapena kupitirira apo.

Mawa mukavundukula mupeza zagwirana zalimba, musaope sizinawonongeke, batala wangogwira basi. Ziphwanyeni ndi zala n'kufikisanso mpaka zimasuke. Apa ndiye pobwera zamadzi, madzi a maluwa a rozi masupuni aakulu awiri, madzi a maluwa a malalanje masupuni awiri, ndi mkaka wofunda kapena madzi wamba ofunda pafupifupi kota ya kapu momwe mwasungunuliramo yisiti theka la kasupuni ka tiyi. Yisiti ameneyu si woti mtanda utupe ngati buledi ayi, amangoupeputsa pang'ono. Osakhuthula zonse kamodzi, muzithira pang'onopang'ono mukusonkhanitsa ndi nsonga za zala, chifukwa semolina amasiyana kamwedwe, wina amafuna madzi ambiri wina ochepa, palibe buku lingakuuzeni ndendende, dzanja lanu ndi limene lidziwe. Kayezedwe kake n'kosavuta, tengani kampira kakang'ono mukaphwatalitse pachikhatho, ngati m'mbali mukung'ambika kwambiri onjezani supuni imodzi ya madzi, ngati kakuphwatalala bwino osamata m'manja ndiye basi zakwana. Vindikiraninso musiye ola limodzi kuti timisere tija timwenso madziwo titupe.

Tsono chifukwa chake chosakandira ndi ichi. Mu tirigu muli chinthu chotchedwa gluten, chimene chikakumana ndi madzi inu n'kumakanda chimalukana n'kumatanuka. Mu buledi timachifuna chimenecho ndiye timakanda mpaka thukuta, koma mu maamoul ndi mdani, chikalukana bisiketi imalimba. Batala uja wagona usiku onse amakhala watchinga timisere kuti madzi asalowe mwaphuma, nde inu mukakanda mwamphamvu mukuphwasula ntchito imene batala wagwira. Kungosonkhanitsa kuti zigwirane, mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kusiya.

Pali chinanso chimene simunalembe koma ndikukayikira munachita, kudikira kuti pamwamba pafiire. Maamoul safiira pamwamba. Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 190, ikani thileyi pakati, pakatha mphindi 12 nyamulani limodzi ndi mpeni muone pansi pake, pakakhala pagolide m'mbali mwake mwayamba kusintha mtundu pang'ono ndiye apsa, tulutsani ngakhale pamwamba pakuoneka potuwa. Kawirikawiri zimatenga mphindi 12 mpaka 18 kutengera uvuni wanu ndi kukula kwake. Akangotuluka amakhala ofewa kwambiri moti munthu umaganiza kuti sanapse, ambiri amawabwezeramo apa ndipo ndi pamene amaumira. Osawakhudza, asiyeni pathileyi pomwepo mpaka azizirire, amalimba okha.

Ngati mukufuna fungo lija munalimva kwa mnzanuyo, mwina munali mahlab, kanthu kamene amasinja kuchokera mkati mwa nthangala ya mtundu wina wa cherry wakutchire, kasupuni ka tiyi kamodzi n'kokwana. Ena amaikanso mastic, utomoni wa mtengo wina wa pa chilumba cha Chios ku Greece, koma umenewo ndi wamphamvu, timibulu tiwiri titatu tosinja ndi shuga basi. Zikasowa musadandaule, maamoul amakomabe ndi madzi a maluwa okha.

FUNSO: Azakhali, tende amene ndili naye ndi wouma kwambiri wolimba, kodi angapange zoika mkati? Nanga pali mtundu wa tende umene ndi woyenera kuposa wina? Komanso ndithire shuga wochuluka bwanji? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Amayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa limandikhudza, shuga musathire ngakhale pang'ono. Tende wouma kuposa theka la kulemera kwake ndi shuga kale, pa magalamu 100 pamakhala shuga wopitirira magalamu 60, nde mukathiranso wina mukupha kukoma kwake kwenikweni, kumangotsala kutsekemera kopweteka pakhosi. N'chifukwa chakenso mtanda wa maamoul timauchepetsa shuga, kuti tende amveke.

Tende woumayo musataye, amagwira ntchito bwinobwino. Choyamba mung'ambe mmodzimmodzi ndi zala kuchotsa nthangala ndi kachipewa kouma kaja ka kumutu, ndipo pong'ambapo muziyang'ana mkati, chifukwa nthawi zina mumapezeka timbewu takuda tosalala ngati fumbi kapena ulusi wopyapyala, kusonyeza kuti munalowa kachilombo, woteroyo tayani. Timibulu toyera pansi pa khungu si nkhungu ayi, ndi shuga amene wauma chifukwa tende wakhalitsa, amasungunuka akatenthedwa. Koma akamanunkha kusasa kapena kamowamowa ndiye kuti wayamba kuwira, ameneyo ayi.

Kufewetsa kwake ine ndimakonda nthunzi kusiyana ndi kuviika. Ikani tende pa sefa yachitsulo pamwamba pa poto wa madzi owira, vindikirani, mphindi 10 mpaka 15, muona wafewa watupa khungu likusendeka lokha. Kuviika m'madzi otentha kumathekanso koma tende amamwa madzi ambiri ndipo madzi amenewo ndi amene amadzakuvutitsani mu uvuni. Akafewa muikeni m'poto ndi batala masupuni aakulu awiri pa magalamu 500 a tende, sinamoni kasupuni ka tiyi kamodzi, pamoto wochepa, muziponda ndi mthiko mpaka zigwirane zikhale chimtanda chimodzi chosamata m'mbali mwa poto. Chikazizira chiziumbika kampira osamata m'manja mutadzola timafuta pang'ono, komanso chikhale chofewa mofanana ndi mtanda wa semolina uja, izi n'zofunika kwambiri, chikalimba kuposa mtanda chimauboola poumba, chikafewa kuposa mtanda chimathawira m'mbali.

Za mitundu. Medjool ndi uja wamkulu wofewa wonenepa, kwawo ndi ku Morocco, ndipo nkhani yake ndi yochititsa chidwi, matenda otchedwa bayoud atayamba kupha mitende kumeneko katswiri wina wa zomera wa ku America, Walter Swingle, anatenga mphukira 11 mu 1927 kupita nazo kwawo, ndipo minda ya Medjool ya ku California inachokera pa mphukira zimenezo. Ndi wokoma zedi koma ndi wodula, ine ndimaona ngati kumuwononga kumuponda, bola kumudya choncho. Deglet Noor wa ku Algeria ndi Tunisia ndi wouma pang'ono, satsekemera mopitirira, amafuna nthunzi ija koma amapanga zamkati zabwino. Ku Iraq kuli Zahidi, Khadrawy, Halawy ndi Barhi, ku Saudi Arabia kuli Khalas, Sukkari ndi Ajwa wa ku Medina. Kunena zoona azimayi ambiri a kumeneko pophika sasankha mitundu yapamwambayi, amagula tende wopondaponda kale wopanikizidwa m'paketi, wopangira kuphika. Mukamupeza ameneyo ndi bwino, koma muzimupapasa kaye ndi zala chifukwa nthawi zina mumatsalira zidutswa za nthangala, ndipo nthangala ya tende ndi yolimba moti itha kuthyola dzino la mwana.

FUNSO: Azakhali, maamoul anga amang'ambika mu uvuni tende n'kumatuluka kumapserera pathileyi, komanso ndilibe chikombole chija chamtengo, ndimangoumba ndi manja nde amaoneka osakongola. Nditani? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Achemwali, kung'ambika kumabwera ndi zinthu zingapo koma chachikulu ndi madzi mu tende. Akatenthedwa madziwo amasanduka nthunzi, nthunzi imafuna potulukira, nde imaboola pamene mtanda wapyapyala. Umitsani tende wanu pamoto monga ndawauzira amayi pamwambapa. China ndi kuchulutsa zamkati, pajatu tonse timafuna tende wambiri, koma muyeso wabwino ndi woti mtanda ukhale kawiri kulemera kwa tende, mwachitsanzo mtanda magalamu 30 tende magalamu 15. Umbani timipira tonse ta tende kaye muike pambale, kenako ta mtanda, kuti pogwira ntchito musamasinthesinthe manja. Potseka, boolani kadzenje ndi chala chachikulu pa kampira ka mtanda, muzizungulitsa mpaka kakhale ngati kakapu kokhuthala mofanana mbali zonse, ikani tende, kokerani m'mbali pamwamba n'kutsina, kenako kuviringa pachikhatho mpaka msoko usaoneke. Potsekerapo paziyang'ana pansi pathileyi. Ndipo mtanda umene simukuugwiritsa ntchito uzikhala wovindikira ndi kansalu konyowa pang'ono, ukauma ndi mphepo umayamba ming'alu musanauike n'komwe mu uvuni.

Chikombole chija kwawoko chili ndi ntchito inanso kupatula kukongoletsa, chimauza munthu zimene zili mkati asanalume. A tende amakhala ozungulira ophwatalala, a mtedza wa walnut amakhala otumphuka pamwamba, a pistachio amakhala otalikirapo. A mtedza amawawaza shuga waufa akazizira, a tende ambiri amawasiya choncho. Wokhala nacho amapanikizira kampira mkati ndi chikhatho, n'kugogoda nsonga ya chikombole pamphepete pa tebulo kamodzi kuti go, bisiketi n'kugwera m'dzanja lina ili ndi maluwa ake onse. Chikamamata amayala kapepala ka pulasitiki kopyapyala mkati mwake.

Koma popanda chikombole maamoul amathekabe, ndipo si zongopeka ayi, ku Palestine ndi Egypt amakongoletsa ndi kopanira kakang'ono kachitsulo kokhala ndi timano. Inu tengani foloko, phwatalitsani kampira pang'ono n'kudinda mizere mopingasa, kapena dindani ndi kunsi kwa tambula yagalasi yokhala ndi maluwa. Kuti zodindazo zisafufutike mu uvuni, ikani thileyi mu firiji mphindi 20 musanaphike batala agwire, komanso musachulutse yisiti, ndi amene amatupitsa mpaka maluwa kuzimirira.

FUNSO: Azakhali ine ndine mkhristu ndipo ndimafuna kupanga maamoul pa Isitala koma wina wandiuza kuti ndi chakudya cha Asilamu cha pa Eid basi. Ndi zoona? Ndine bambo wophika ndekha.

YANKHO: Bambo, amene anakuuzaniyo wangomva mbali imodzi. N'zoona kuti Asilamu a ku Syria, Lebanon, Jordan ndi Palestine amapanga maamoul masiku omaliza a Ramadan kukonzekera Eid al-Fitr, komanso pa Eid al-Adha, ndipo tende ali ndi malo aakulu kwa iwo chifukwa ndi amene ambiri amamasulira kusala dzuwa likalowa. Koma akhristu a m'mayiko omwewo amapanga maamoul omwewa pa Isitala, ndipo chifukwa chake n'chomveka, ambiri mwa iwo m'nyengo ya Lenti amasala nyama, mkaka ndi batala, nde kusala kukatha chinthu choyamba chimene pakamwa pamafuna ndi bisiketi yodzaza batala. Akhristu a ku Palestine amapanganso ena oboola pakati ngati mphete okhala ndi tende mkati, amati akuimira chisoti chaminga cha Yesu, pamene maamoul ozungulira aja amati akuimira chinkhupule chimene anamumwetsera vinyo wosasa pamtanda. Ayuda ochokera ku Syria ndi Lebanon nawonso amawapanga pa chikondwerero chawo cha Purim.

Chimene chimandisangalatsa ine pa nkhaniyi ndi kapangidwe kake, sintchito ya munthu mmodzi. Azimayi a pabanja ndi oyandikana nawo amasonkhana nyumba imodzi, wina akuumba timipira ta tende, wina akutseka, wina akugogoda chikombole, ana akundanda pathileyi, amapanga makilogalamu angapo chifukwa mlendo aliyense wobwera pa chikondwerero amalandiridwa ndi maamoul ndi khofi. Kale nyumba zambiri zisanakhale ndi mauvuni, mathileyi ankawasenza kupita nawo ku uvuni wa wophika buledi wa m'deralo. Ndipo m'madera amene Asilamu ndi akhristu amakhala moyandikana, mbale ya maamoul imawoloka msewu pa Eid n'kudzabwerera pa Isitala. Pangani bambo, ndipo muitane ena akuthandizeni kuumba chifukwa nokha msana upweteka.

FUNSO: Semolina wandisowa Azakhali, ndili ndi fulawa wamba basi. Ndisiye? Ndine mwana wasukulu.

YANKHO: Usasiye mwanawe. Maamoul a fulawa yekha aliko ndipo anthu amapanga, samafunanso kugoneka usiku onse, kungoti amatuluka ngati bisiketi wamba ya batala, kuyoyoka kuja kwa semolina sikukhalapo. Ine ndikanakonda upange kleicha, bisiketi ya tende ya ku Iraq, chifukwa imeneyo ndi ya fulawa kuchokera pachiyambi, sukhala ukunamizira china. Iraq ndi dziko la tende kwambiri makamaka chigawo cha Basra m'mbali mwa mtsinje wa Shatt al-Arab, ndipo kleicha amapanga Asilamu pa Eid komanso akhristu a kumeneko pa Khirisimasi ndi Isitala.

Tenga fulawa magalamu 500, batala wosungunula magalamu 200, yisiti kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka, shuga supuni imodzi, mchere pang'ono, cardamom (timbewu tonunkhira tokometsera zakudya) wosinja kasupuni kamodzi, ndi mkaka wofunda pafupifupi mamililita 150, uziwonjezera ngati ukuona kuti zauma. Apa kukanda n'kololedwa koma pang'ono, mpaka mtanda usalale, uuvindikire ola limodzi. Mu tende uikemonso cardamom chifukwa fungo la kleicha ndi limenelo. Ugawe mtanda patatu, chigawo chilichonse uchiphwatalitse ndi botolo kapena chopinira chikhale cha makona anayi, tende naye umuphwatalitse pakati pa mapepala awiri a pulasitiki afanane kukula ndi mtanda, uchotse pepala lapamwamba, umutembenuzire pa mtanda, usende pepala linalo, kenako upinde zonse pamodzi mokulunga kuyambira mbali yaitali. Udule tizidutswa tokhuthala masentimita awiri, upake dzira pamwamba, uphike pa madigiri 180 mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono. Imeneyi ndiye imafuna kufiira, ukadula umaona mizere ya tende ikuzungulira mkati, yokongola kwabasi, ndipo kwa munthu woyamba kumene ndi yosavuta kusiyana ndi maamoul chifukwa palibe zotseka kampira kamodzikamodzi.

FUNSO: Azakhali zonse mumalembazi ndi za anthu a mauvuni, nanga ife opanda uvuni tende tizingomudya choncho? Ndine mlongo wanu wodandaula.

YANKHO: Achimwene musadandaule, ku Tunisia anakuganizirani kalekale. Mzinda wa Kairouan umatchuka ndi makroudh, amenenso amapangidwa kwambiri ku Algeria, ndipo ndi semolina ndi tende yemweyo koma amakazinga m'mafuta. Muyeso wake n'ngosavuta kukumbukira, makapu atatu a semolina pa kapu imodzi ya batala wosungunula kapena mafuta ophikira, mchere pang'ono. Fikisani, siyani maola angapo, kenako thirani madzi ofunda osakaniza ndi madzi a maluwa a malalanje pang'onopang'ono mpaka zigwirane, osakanda, lamulo ndi lomwe lija. Umbani mtanda wautali wonenepa ngati zala zitatu, boolani ngalande pakati ndi chala kuyambira uku mpaka uko, goneketsani tende woumbidwa motalika mu ngalandemo, tsekani pamwamba, viringani pang'ono n'kuphwatalitsa ndi chikhatho, kenako dulani mopendeketsa mpeni kuti tizidutswa tikhale ndi nsonga ziwiri.

Pokazinga moto ukhale wapakatikati. Mafuta akatentha kwambiri kunja kumada mkati musanapse, akazizira makroudh amamwa mafuta n'kuyamba kumwazika m'poto. Yesani kamodzi kaye, kakamwazika ndiye kuti mtanda wachepa madzi kapena wachuluka mafuta, uwazeni timadzi n'kuusiya kanthawi. Muwandande moyandikana m'chiwaya kuti mbali zodulidwa zija zitchingane tende asapserere, ndipo musawatembenuze msanga. Akafiira mbali zonse achotseni akhe mafuta, n'kuwaviika mu uchi wofunda kapena madzi a shuga owiritsa ndi timadzi ta ndimu, mphindi zochepa, kenako pa sefa. Amenewa ndi otsekemera kwambiri kuposa maamoul, awiri ndi tiyi wopanda shuga munthu wakwana.

FUNSO: Bambo anga ali ndi matenda a shuga koma amakonda zotsekemera, nde ndinamva kuti tende ndi wachilengedwe sakweza shuga, ndingawapangire maamoul azidya mmene akufunira? Ndine mwana wawo wamkazi.

YANKHO: Ayi mwananga, chonde musatero, ndipo ndikuthokoza kuti mwafunsa musanapange. Shuga wa mu tende ndi shuga ndithu, thupi silifunsa kuti wachokera mumtengo kapena m'paketi. Tende mmodzi wamkulu wa Medjool amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 16, kumeneko ndi pafupifupi timasupuni ta tiyi tinayi. N'zoona kuti tende ali ndi zabwino zimene shuga woyera alibe, muli zakudya zothandiza m'mimba kugaya bwino, muli potaziyamu ndi zina, koma mu maamoul mulinso semolina amene naye m'thupi amasanduka shuga, kuphatikizapo batala wambiri. Ndipo ngati impso zawo zili ndi vuto, zomwe zimachitika kwa ena odwala shuga nthawi yaitali, potaziyamu yemweyo amafunika kusamala naye.

Sindikunena kuti asalawe konse, zimenezo anganene ndi adokotala kapena anamwino amene amawaona, kawafunseni mutawauza zimene zili mu bisiketiyo. Akavomera, pangani ang'onoang'ono, musaike shuga mu mtanda, musawaze shuga pamwamba, sakanizani tende ndi mtedza wa walnut wosinja kuti tende achepe, ndipo adye limodzi atatha kudya chakudya chenicheni osati m'mimba muli pululu. Ngati ali ndi kamakina koyezera shuga ayeze pakatha maola awiri muone mmene thupi lawo lachitira. Makroudh oviika mu uchi aja ndiye asayandikire.

FUNSO: Maamoul amasungika masiku angati? Ndikufuna kupangiratu ukwati wa mchemwali wanga usanafike. Ndine wakuchikazi.

YANKHO: A tende amasungika bwino kuposa a mtedza, sabata ziwiri m'chitini chotseka bwino pamalo posatentha amakhala bwinobwino, ndipo amakoma kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu kusiyana ndi tsiku lophika chifukwa chinyezi cha tende chimakhala chalowerera mu semolina. Chachikulu azizire kotheratu musanatseke chitini, mukatsekera ofunda amachita thukuta n'kuyamba nkhungu. Pakati pa mizere muziyala pepala lophikira kuti maluwa asakhuzike. Ngati ukwati uli kutali kuposa apo aikeni mu firiza, miyezi iwiri amafika, n'kudzawatulutsa dzulo lake asungunuke okha chitini chili chotseka. Magalamu 500 a semolina aja amatulutsa maamoul pafupifupi 30, nde werengani alendo anu muone kuti muchulukitsa kangati, ndipo batala ndi semolina mudzasakanize m'mabeseni osiyana a kilogalamu imodziimodzi, chifukwa beseni limodzi lalikulu limavuta kufikisa mpaka pansi.